Zimbale Zisanu za Elzie Crump

Bokosi lija linafika ku Tallow Bend Lachiwiri masana, thonje litayamba kuyera m'minda. Wa positi sanalisiye kumsewu monga amachitira ndi makalata. Anatsika m'galimoto n'kulinyamula ndi manja awiri mpaka pakhonde, ati afuna aone nkhope ya mwini wake polilandira. Mwini wakeyo, a Elzie Crump, anali pampando wawo wogwedera, bulangeti lili m'maondo ngakhale kunja kunatentha koopsa, ndipo dzanja sanatambasule n'komwe. Analandira ndi mwana wawo wamkazi, Vernell.

Munali zimbale zisanu, nyimbo 112, zaka makumi asanu za munthu mmodzi zitapanikizidwa m'kabokosi kosaposa njerwa ziwiri. Nyimbo yoyamba anaijambula ku Memphis mu 1951, atangothawa khasu la m'munda wa thonje. Kenako panabwera za ku Chicago, gitala italumikizidwa kumagetsi, nthawi imene dzina lawo linkadzaza holo iliyonse kuchokera ku Mississippi kuno mpaka ku Detroit. Panali za zaka zimene dziko linawaiwala, akuyendetsa thirakitala mkati mwa sabata n'kumayimbira anthu oledzera Loweruka. Panalinso za ku Ulaya, kumene ana a azungu ankawaombera m'manja ataimirira koma osamva chimene akudandaula. Pachikuto panali chithunzi chawo atavala suti yoyera, khosi la botolo loyimbira gitala lili kuchala chaching'ono, akuseka ndi mano onse. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati munthu ameneyu sakumudziwa, n'kupempha madzi akumwa.

Amene anasonkhanitsa nyimbozi anali mzungu wina wa ku Chicago, Martin Voss, munthu wofatsa amene anatha zaka zisanu ndi chimodzi akufukula matepi m'zipinda za fumbi. Anthu a ntchito imeneyi ali ndi nthenda yawoyawo, ndiyo ya masiku. Sangakuuze chimene chinkamuwawa woyimba, koma akuuza kuti nyimboyo inajambulidwa Lachinayi masana, m'chipinda chachiwiri, woyimba ng'oma atachedwa. Voss analemba kabuku ka masamba makumi asanu ndi atatu n'kukaika m'bokosimo, nyimbo iliyonse ndi tsiku lake, malo ake, ngakhale ola limene. Iye ankaona kuti umenewo ndiye ulemu waukulu umene angapereke kwa nkhalambayo.

Vernell anali ndi zaka 57, ndipo nyimbo za bambo ake anali asanakhalepo pansi n'kumvetsera ngakhale imodzi. Ankadana nazo. Kwa iye blues, mtundu wa nyimbo umene ankayimbawo, chinali chinthu chimene chinkawatenga bambo ake Lachisanu n'kudzawabweza patatha miyezi itatu, akununkha kachasu ndi mafuta odzola a akazi ena, mayi ake akuchapa zovala za azungu mpaka zala kusupuka. Anakula ali wa tchalitchi, wovala zoyera ndi magolovesi Lamulungu lililonse, woima pakhomo kulandira anthu ndi kuwaonetsa pokhala. Banja linamukanika kalekale, choncho sitiroko itawagwira bambo ake anabwerera kwawo kudzawasamala. Mapepala a Voss anasaina ndi iye, popeza dzanja la nkhalambayo silinkathanso kugwira cholembera.

Mayi ake, a Lurlean, anawapempherera amuna awo zaka makumi anayi, ndipo mu 1994 pempherolo linayankhidwa. A Elzie ananyamula gitala yawo n'kukaigoneka kutsogolo m'tchalitchi cha Baptist cha ku Tallow Bend, nalonjeza pamaso pa mpingo wonse kuti nyimbo za m'mabala sadzazikhudzanso. Gitalayo inabwerera kunyumba n'kukalowa pansi pa bedi. Kuno kwathu munthu sangakhale wa blues ndi wa tchalitchi nthawi imodzi, ngakhale tonse tikudziwa kuti ovina Loweruka ndi omwewo amene amafuula aleluya m'mawa mwake. Ndipo nkhani si ya kumwamba kokha ayi. Kuseri kwa tchalitchi kuli manda a mpingo, pansi pa mikungudza, ndipo mumagona okhawo amene amwalira dzina lawo lili m'kaundula. Wodulidwa amakaikidwa kumanda a boma, kuseri kwa fakitale ya thonje.

A Lurlean anamwalira mu Marichi 2001. Kutatsala masiku awiri anamugwira Vernell pamkono n'kumuuza kuti: "Bambo akowa usadzalole kuti akagone kwina. Ndawadikira moyo wanga wonse, sindifuna kukawadikiranso kumanda." Vernell analonjeza, ndipo anali munthu woti akalonjeza chinthu amachikakamira ngakhale chimupweteke.

Voss anatumiza mabokosi atatu, loyamba lija ndi ena awiri amene anafika pambuyo pake. Ngakhale nyimbozo ankadana nazo, Vernell ananyada ataona dzina la Crump m'nyuzipepala ya ku Jackson. Magazi ndi magazi basi. Anatenga bokosi limodzi n'kukawapatsa Abusa Gaddis, ati aone kumene Ambuye anawachotsa bambo ake. Kabuku kaja iye sanakatsegule. Abusawo, munthu wamanyazi amene anali asanathe zaka ziwiri pampingopo, anathokoza n'kulipereka kwa mkulu wa mpingo wosunga kaundula, a Cleophus Mabry. A Mabry ndi a Elzie anatolera limodzi thonje ali ana, ndipo akuluakulu amanong'ona kuti woyamba kumufunsira Lurlean anali Cleophus. Nyimbozo sanamvetsere, kuopa kudetsa makutu, koma kabukuko anakawerenga konse, chala chikutsata mzere. Nawonso anali munthu wa masiku.

Abusa ndi a Mabry anafika Lachinayi m'mawa, zipewa zili m'manja. Vernell anawapatsa tiyi wozizira pakhonde pomwepo, akuganiza kuti abwera kudzayamikira. A Mabry anatsegula kabuku patsamba lomaliza n'kuwerenga mokweza, pang'onopang'ono, monga amawerengera mayina a omwalira pakutha pa chaka. Chimbale chachisanu, nyimbo yomaliza, yopanda mutu, mphindi khumi ndi imodzi. Yojambulidwa kukhitchini kwa woyimba, Lamulungu pa 18 Marichi 2001, nthawi ya 11 koloko m'mawa.

"Tsiku limenelo ndikulikumbuka bwino, Mbale Crump," anatero a Mabry. "Munatumiza uthenga kuti mwadwala. Tinagwada tonse kukupemphererani. Akazi anga anakuphikirani nkhuku."

"Inali yolimba nkhukuyo, Cleophus," a Elzie anayankha. Pakamwa pawo panapotoka ndi sitiroko, koma mawu ankamveka. "Koma ndinadya."

"Funso ndi lakuti munayimba kapena ayi."

"Si wawerenga wekha? Mzunguyo sanama pa masiku. Ndinayimba."

Abusa ankayang'ana m'tambula yawo ngati mwagwera ntchentche. Anafotokoza motsitsa mawu zimene aliyense pakhondepo ankazidziwa kale. Loweruka la sabata yamawa kuli msonkhano wa mpingo. Wolakwa amaima kutsogolo, amatchula tchimo lake ndi pakamwa pake, n'kupepesa mpingo. Anthu akavomera amamugwira chanza, nkhani n'kuthera pomwepo. Akapanda kubwera, dzina limafufutidwa. Za manda sanatchule, ndipo sikunali kofunika kutero.

Alendo atachoka Vernell anaphulika. Anali ndi manyazi, anali ndi mantha, ndipo zonsezi zinatuluka ngati ukali. Masiku asanu ndi anayi okha chiikireni mayi ake m'manda, dothi lisanaume n'komwe, bambo ake anali atasolola kale gitala pansi pa bedi n'kuitana mzungu ndi makina ake, iye ali kutchalitchi kuwapempherera. Anawauza zonse zimene anazisunga kuyambira ali mwana, mpaka za tsiku limene anamaliza sukulu mpando wa bambo ake uli wopanda munthu. A Elzie anamvetsera mutu uli pansi, ndipo atamaliza anangofunsa chinthu chimodzi.

"Wayimva nyimboyo, Nell?"

"Ndilibe nayo ntchito, Adadi. Nyimbo zanu ndikuzidziwa: mkazi wa mwini, botolo, sitima yonyamuka. Loweruka lija mukapepesa basi."

A Elzie anati sapita. Anati akhoza kupepesa chifukwa cha bodza la matenda lija, akhozanso kupepesa pa nyimbo zina zonsezo imodziimodzi ngati Cleophus ali ndi nthawi, koma imeneyo ayi. Chifukwa chake sananene. Amuna a msinkhu wawo amaona ngati kufotokoza n'kupempha chisoni, ndipo a Elzie anali asanapemphepo chisoni kwa munthu. Vernell anangoti ndi makani a ukalamba. Masiku anayi ankawasambitsa, kuwameta ndevu, kuwaikira patsogolo chigumu ndi mpiru wophika ndi nyama ya nkhumba, osalankhula nawo ngakhale liwu limodzi.

Tsiku lachisanu anachita chinthu chimene mpaka lero sachikamba. Anawakweza m'galimoto, ati akupita kukagula mankhwala, n'kukhotera kuseri kwa fakitale ya thonje. Manda a boma alibe mpanda kapena mtengo. Udzu umafika m'chiuno, pamanda alionse pali kachitsulo ka nambala, ndipo malole akamadutsa pamsewu waukulu nthaka imanjenjemera. Thonje louluka kuchokera kufakitale linali litakodwa paliponse mu udzumo. Anazimitsa injini n'kutsitsa magalasi kuti aone bwino.

"Ndi pano pamene mukufuna? Amayi akhale uko okha, inu muli kuno ndi agalu? Ndinawalonjeza ine, Adadi. Mukufuna ndikhale wabodza kwa munthu wakufa?"

A Elzie anayang'ana udzuwo nthawi yaitali. Kenako anati awauze mawu oti akanene. Vernell anawaphunzitsa m'galimoto momwemo, iwo akubwereza pambuyo pake mpaka anawaloweza. Pobwerera mtima wake unali m'malo. Anadziona kuti wapambana, ndipo anawagulira ayisikilimu panjira.

Loweruka lija tchalitchi chinadzaza kuposa pa Pasaka. Kumsonkhano wa mpingo nthawi zonse kumabwera anthu khumi ndi awiri, theka lake akuwodzera, koma tsiku limenelo anabwera ndi amene anali asanaponde pakhomopo chimwalirire agogo awo. Ena mwa iwo anavinapo nyimbo za Elzie Crump mpaka nsapato kung'ambika, ndipo ndi amenewo anakhala ndi nkhope zachiyero kuposa onse. Zokupizira mphepo za mapepala zinkagwedezeka mabenchi onse. Vernell anawagwira mkono bambo ake mpaka kutsogolo, atawaveka suti yakuda imene inali itawakulira, iye n'kukhala pabenchi loyamba.

Mawu aja anawanena bwino: kuti analakwa, ananama, anaswa lonjezo, ndipo akupempha mpingo uwakhululukire. Amayi angapo anali atayamba kale kuyimba chapansipansi nyimbo yolandirira wolapa, ndipo Abusa anali atakweza dzanja kuti afunse ovomera. Koma a Mabry anaimirira. Anati mwambo umafuna kuti tchimo litchulidwe ndi dzina lake, osati kulikulunga m'nsalu.

"Mbale Crump, mzimu umene unakuyimbitsani m'mawa umenewo unali wa ndani? Wa Mulungu kapena wa Satana?"

A Elzie anatsamira ndodo yawo. Sanawayang'ane a Mabry kapena Abusa. Anatembenuka n'kuyang'ana mwana wawo, ndipo m'maso mwawo munali kupempha kumene Vernell anali asanakuonepo. Iye anaganiza kuti asokonezeka, popeza funso limeneli sanaphunzitsane. Anagwedeza mutu kuwalimbikitsa, n'kuwapangira yankholo ndi milomo.

"Wa Satana," anatero a Elzie.

"Akumbuyo sanamve."

"Wa Satana."

"Ndiye nyimboyo mukuikana, ndi zonse zili m'menemo?"

"Ndikuikana."

Manja anakwera m'tchalitchi monse. Mpingo unandanda kudzawagwira chanza, amayi akulira ndi chimwemwe, ndipo a Mabry anawakumbatira n'kuwatcha mbale wokondedwa. Panja panali mlamba wokazinga ndi buledi. Anthu anamuyamikira Vernell kuti ndi mwana weniweni, wawalanditsa bambo ake kumoto. A Elzie anakhala pamthunzi mbale ili pamiyendo, ntchentche zikudya.

Kuyambira tsiku limenelo anasiya makani, anasiya nthabwala, anasiyanso kutukwana oyimba a masiku ano pawailesi. Ukawapatsa chakudya ankatafuna kawiri n'kukankha mbale. Anthu obwera kuchokera kutali ndi mabokosi awo kuti awasainire ankabwerera pakhonde osamva liwu lawo. Vernell ankati umenewo ndi mtendere wa munthu wolapa, ndipo anzake kutchalitchi ankawauza choncho.

Patatha milungu itatu Voss anaimba foni, chimwemwe chili tsaya. Anati bokosi likuyenda bwino, olemba nyuzipepala mpaka ku Ulaya akulitama, koma onse akukamba za nyimbo yomaliza ija. Anati tsiku limenelo iye anangochita mwayi. Palibe amene anamuitana. Anangodzera kudzapepesa maliro, makina ali m'galimoto, n'kupeza nkhalamba ili yokha kukhitchini gitala ili m'manja. Anapempha, iwo n'kugwedeza mutu, ndipo anaika makinawo patebulo n'kukadikira panja. Kenako Voss anafunsa Vernell kuti anamva bwanji ataimva koyamba nyimbo ya mayi ake.

M'nyumbamo munalibe choyimbira zimbale. Vernell anatenga chimbale chachisanu n'kukadzitsekera m'galimoto pansi pa mtengo wa pekani, dzuwa lili paliwombo.

Gitala inayamba yokha, khosi la botolo likutsetsereka pansambo pang'onopang'ono. Kenako mawu a bambo ake, amphamvu monga analili sitiroko isanabwere, anatchula dzina la Lurlean. Munalibe mowa, munalibe sitima. Ankamuuza mkazi wawo kuti lero auka mochedwa ndipo palibe amene wawakalipira. Ankamuuza kuti aphika khofi wa anthu awiri, kapu inayo ikungozizira. Anamukumbutsa mmene ankamulukira tsitsi kuchipatala ndi zala zawo za gitala, iye akudandaula kuti mizere yakhota. Anapepesa miyezi yonse imene anamusiya yekha ndi mwana, akuitchula chaka ndi chaka, osadumpha ngakhale chimodzi. Chapakati gitala inaleka. Kunangomveka kulira kwa firiji, munthu akupuma movutikira, ndi belu la tchalitchi chapatali. Ndiye anayambanso, n'kumuuza kuti ayesa kugwada kuti apemphere koma mawu akana kutuluka, ndipo njira ina yolankhulira naye sakuidziwa. Awakhululukire chifukwa cha gitalayi, awasungire malo, akubwera.

Vernell anamvetsera mpaka kumapeto, thukuta ndi misozi zikusakanikirana, malaya atamata kumsana. Anamva chisoni chimene sanachimve ngakhale tsiku la maliro, ndipo pamwamba pake anadziona kuti ndi wonyansa. Mphindi khumi ndi imodzi zokha, ndipo iye anakana kuzipereka. Yankho lija anawapangira ndi milomo yake.

Anawapeza pakhonde. Anagwada pafupi ndi mpando wawo, chinthu chimene anali asanachitepo, n'kuwauza kuti waimva. Anati apita kwa Abusa tsiku lomwelo, akayimba chimbalecho pamaso pa mpingo wonse, a Mabry amve ndi makutu awo, kenako iwo akaime kutsogolo n'kubweza mawu aja.

"Ukatero andidula, ndiye zonsezi zikhala zachabe," anatero a Elzie. "Kwa Cleophus gitala ndi gitala. Zisiye. Iye sanandikakamize, iwenso sunandikakamize. Pakamwa ndi panga."

Anayang'ana kumsewu, kumene lole yodzaza thonje inkadutsa.

"Chinthu chimodzi chokha chimene ndinawapangira mayi ako ndi manja angawa n'kuchita bwino ndi chimenecho, Nell. Ndiye ndinaima pamaso pa anzawo onse n'kunena kuti n'cha Satana, kawiri. Malo tapeza, usadandaule, lonjezo lako lasungika. Koma udzawauze okumba kuti asiye mpata wa munthu mmodzi pakati. Sindingakagone mowagunda phewa ngati sindinanene kanthu."

Vernell anakana, analira, anawatchulira mavesi onse a chikhululukiro amene ankawadziwa. Anawauza kuti mayi ake akanamvetsa, kuti wolakwa ndi iye osati iwo. A Elzie anamulonjezetsa basi, ndipo m'mawa uliwonse pambuyo pake, akamawameta ndevu, ankamufunsa ngati akukumbuka.

Anamwalira mu Januwale, kukuzizira, mvula ikuwaza. Kumaliro kunabwera anthu ochokera kutali ndi makamera awo, Voss analira kuposa achibale, ndipo a Mabry analankhula bwino kwambiri za nkhosa yosochera imene inabwerera m'khola. Okumba manda anadabwa ndi malangizo a Vernell. Anamufunsa kawiri ngati akutsimikiza, kenako anachita zimene anauzidwa.

Mzere wa banja la Crump kumandako uli ndi malo atatu okha. A Lurlean ali chakumpanda, a Elzie ali chakunjira, ndipo pakati pali udzu wotalika ndi kutambalala ngati munthu mmodzi atagona. Vernell amabwera Loweruka lililonse kudzaumweta, ndipo sakhalitsa. Malo amenewo ndi ake tsopano, ndipo tsiku lake likadzafika, iye ndi amene adzagone pakati pawo.